Nambala yothyoka pa chiliza cha ambuya

Nkhani inayamba ndi chithunzi chimodzi chimene amalume athu anatumiza pa gulu lathu la WhatsApp mwezi wa Meyi, mvula itangosiya. Anajambula ndi foni yobwereka ndipo chithunzicho sichinkaoneka bwino, koma tonse tinazindikira kuti ndi chiliza. Simenti inali itada bii, itang'ambika pakati, mbali imodzi itatukuka ngati munthu wogona amene akufuna kudzuka. Pansi pake amalume analemba mawu ochepa: "Amayi agona apa. Mvula ina ikabwera, pagwa."

Pa gululo tilipo adzukulu 14. Ambiri tili ku Lusaka, ena ku Chawama, ena ku Mtendere ndi ku Kanyama. Awiri ali ku Kitwe, mmodzi ku Johannesburg. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anawaonapo ambuya amenewa. Anamwalira m'zaka za m'ma 1970, amayi athu akadali ana, pamudzi wina wa kwa Mfumu Mbang'ombe ku Katete. Chimene tinkadziwa n'chakuti anafera pa uchembere, iwo ndi khanda lomwe, ngolo yopita nawo ku chipatala cha St Francis isanafike n'kumsewu komwe.

Tisaname, sitinachedwe kugwirizana. Wa ku Johannesburg ndiye anayamba: "Tigwetse chakale ichi, tiike granite." Wina anapita kwa ogulitsa miyala ya pamanda cha ku Leopards Hill n'kutijambulira mitundu yonse, yakuda yonyezimira, ya zilembo zagolide, ina yokhala ndi nkhope ya mwiniwake. Chithunzi cha ambuya tilibe, ndiye tinati tidzaikapo nkhunda. Tinasankha msungichuma ndipo ndalama zinayamba kulowa pa foni. Chikondi chinalipo, koma kunyada nakonso kunalipo. Tinkafuna mudzi wonse uone kuti mbumba ya mayi uja sinathe, ndipo ili bwino ndithu.

Ndalama zitatsala pang'ono kukwana, msuweni wathu wa ku Kitwe, amene amaphunzitsa mbiri ku sekondale, anafunsa funso limene tonse sitinaliganizepo. "Kodi anamanga chilizachi ndani?"

Palibe anayankha. Madzulo ake tinawaimbira amalume, ndipo anatifotokozera mpaka mayunitsi anatha, tinachita kuimbanso.

Anamanga ndi agogo athu aamuna. Iwo anali mkamwini pamudzipo, kwawo kunali ku Vubwi, kwa Mfumu Pembamoyo. Ali mnyamata anapita kukagwira ntchito ku Salisbury, kumene akuluakulu amati ku Halale, ndipo kumeneko anaphunzira kumanga. Mkazi wawo atamwalira ndipo mwambo wa kumeta utatha, anayenera kubwerera kwawo. Mwa Achewa ana ndi a kwa mayi, ndipo mkamwini mkazi akafa alibenso mizu pamudzi. Koma asananyamuke anagulitsa njinga yawo, n'kugula matumba awiri a simenti ya Chilanga pa Katete Stores. Njerwa anaumba okha. Mchenga anatuta kudambo, madzi ankatunga ndi amalume omwewa akadali mnyamata. Simenti isanaume anatenga msomali n'kulemba dzina la mkazi wawo, mfunda wake ndi chaka. Sukulu sanapite nayo patali, ndiye N aliyense anamulemba chotembenuza. Kumutu anamatirirako zidutswa za kapu imene ambuya ankamwera.

Masiku amenewo manda a pamudzipo anali mitumbira yokhayokha, ndipo anthu anang'ung'udza kuti mkamwini wabweretsa zachilendo. Agogo sanayankhe munthu. Simenti itauma ananyamula kathumba kawo n'kupita ku Vubwi, kumene anakwatiranso n'kudzamwalira. Sanasiye kalata, sanasiye chithunzi. Amalume anamaliza ndi mawu akuti, "Ngati mukufuna kuona dzanja la bambo anga, lili pamenepo pokha."

Gulu linakhala chete masiku awiri. Kenaka mkangano unabuka, ndipo unali wovuta chifukwa mbali zonse zinali ndi mfundo. Ena ankati simenti yatha, kuisiya n'kunyoza wakufa. Ena ankati tikaigwetsa ndiye kuti tawakwirira agogo kachiwiri. Mkati mwa mkanganowo mphunzitsi uja anatumiza chithunzi china, cha mkazi wosemedwa pa mwala woyera wa mabo, atagona chagada pa mapilo awiri, kagalu kali kumapazi kwake kakumuyang'ana.

Mkaziyo ndi Ilaria del Carretto. Anali mkazi wa Paolo Guinigi, wolamulira mzinda wa Lucca ku Italy, ndipo anamwalira mu 1405 ali ndi zaka 26, atangobereka mwana wamkazi. Mwamuna wake anaitana mmisiri Jacopo della Quercia kuti amusemere chikumbutso, chimene mpaka lero chili m'tchalitchi chachikulu cha San Martino mumzindawo. Ena a ife tinaseka kuti mphunzitsi wayamba kalasi. Koma titamva kuti nayenso anafera pa uchembere, ndipo kuti mwamuna wotsala ndiye anafuna kuti nkhope yake isaiwalike, kuseka kunachepa.

Chimene msuweni wathu ankafuna kuti timve ndi zimene zinachitika patapita zaka pafupifupi 600. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 chikumbutsocho chinatsukidwa ndi katswiri wa ntchitoyo. Atachiona, James Beck, pulofesa wa mbiri ya zaluso wa pa yunivesite ya Columbia ku America, anakwiya kwambiri. Anati chikuoneka ngati chakwechedwa ndi sopo wa m'khitchini n'kupakidwa polishi wa pansi. Kwa iye, wotsukayo anachotsa khungu la mwala limene zaka zinaupatsa, limene silingabwererenso. Wotsukayo anamutengera ku khoti kuti wamuipitsira mbiri, koma Beck sanapezeke wolakwa, ndipo mu 1992 anayambitsa bungwe la ArtWatch International loyang'anira mmene anthu akukonzera zinthu zakale. Akatswiri ena ankati ntchito yotsukayo inali yabwino, ndipo mkanganowo sunathe msanga. Ife tinangodabwa kuti anthu ophunzira angafike pa khoti chifukwa cha kutsuka manda.

Anatiuzanso za ku Florence, kumene kuli manda a banja la Medici amene anasema Michelangelo, pa tchalitchi cha San Lorenzo. Mu 1537 Alessandro de' Medici ataphedwa, mtembo wake anauika m'bokosi lina la mabo la pamenepo osaukonza bwino, ndipo zotuluka m'thupi zinalowerera mumwala n'kuudetsa kwa zaka mazana. Mu 2020 okonza anapaka pamwalapo tizilombo ta bakiteriya tosankhidwa bwino kuti tidye litsirolo pang'onopang'ono. Anasankha njira yochedwa chonchi poopa kuti mankhwala amphamvu angadye mwala womwe.

Wa ku Johannesburg sanagonje. "Ife si Ataliyana. Ija ndi mabo ya anthu olemera, yosema akatswiri. Iyi ndi simenti yakutha yolembedwa ndi msomali." Zinali zoona, ndipo mphunzitsi sanatsutse. Anangotikumbutsa kuti lamulo la mu 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission limateteza zakale zimene zinamangidwa chisanafike chaka cha 1924. Chiliza cha m'ma 1970 cha mayi wa kumudzi sichili m'buku la boma lililonse. Ilaria ali ndi mzinda wonse womulondera, ambuya athu ali ndi ife 14 basi.

Tinamvana pakati. Tiyese kukonza, zikakanika tiike granite.

Tinanyamuka asanu ndi mmodzi mu Ogasiti, sabata ya Kulamba, kuti ulendo umodzi uphe mbalame zonse: manda pakati pa sabata, Loweruka ku Mkaika. Amene munayendapo mu Great East Road mukuudziwa msewuwu, mapiri okhotakhota, nsomba zouma pa Luangwa, nthochi pa Nyimba. Pa Sinda tinatsika kukaonana ndi mmisiri wina wachikulire amene amalume anatiuza. Bamboyu ntchito yake yambiri inali yokonza nyumba zakale za njerwa, za mamishoni ndi masukulu. Anayang'ana chithunzi nthawi yaitali n'kunena kuti abwera Lachiwiri, koma tisakhudze kanthu iye asanafike.

Kumudzi munthu salowa kumanda ngati akulowa m'munda mwake. Ife tinakulira ku Lusaka, kumene ku Chingwere umangofika n'kuyamba kufunafuna nambala ya manda. Kwathu manda ndi nkhalango, ndipo ali m'manja mwa mfumu. Amalume anatitengera kwa anyakwawa titanyamula nkhuku. Tinakhala pansi, amuna uku akazi uku, tikuomba m'manja, amalume ndiye ankalankhula.

"Mfumu, aphwa angawa achokera kutali. Akufuna kukaona pamene pagona ambuya awo, akonzepo."

Anyakwawa anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Ana inu, mwachita bwino kukumbuka. Koma kuja kuli eni ake. Mtengo musadule. Mukafika pa msolo waukulu musapitirire, kuseri kwake si kwanu. Ndipo simupita nokha."

Sitinafunse za kuseri kwa msolo, tonse tinamva. Anatipatsa amuna awiri mwa amene amakumba manda pamudzipo, amene nawonso amatchedwa adzukulu. Mmodzi wa iwo anaseka n'kunena kuti lero adzukulu akumana, a m'tauni ndi a kumanda, tione amene akudziwa ntchito.

Lolemba m'mawa tinalowa. Kunja kunali kouma, udzu utapsa, koma m'katimo munali mthunzi ndi kuzizira. Mitumbira yambiri inali itaphwa, ina ikudziwika ndi mbale yobooka kapena chidutswa cha mphika. Chiliza cha ambuya chinali chaching'ono kuposa mmene tinkaganizira. Ndere zinali zitakuta zilembo zonse moti sitinathe kuwerenga ndi dzina lomwe. Tinalambula udzu, tinasesa masamba, tinajambula zithunzi mbali zonse chifukwa mphunzitsi anaumirira. Titapukuta pang'ono ndi nsalu yonyowa, mfunda unayamba kuoneka, ndipo tinaujambulanso.

Apa m'pamene tinalakwa, ndipo tikuti tinalakwa tonse chifukwa palibe analetsa. Mmodzi wa ife anatulutsa m'chikwama botolo la mankhwala otsukira m'chimbudzi, amphamvu aja, ndi bulashi ya waya. Anati tingoyesa pakona kuti mmisiri akabwera apeze tayambapo. Anathira pa chilembo chomaliza cha mfunda. Nthawi yomweyo panachita thovu, phwaa, ndipo litsiro lakuda linayamba kutsika. Tinasangalala, wina mpaka anajambula vidiyo. Anakwecha ndi waya, n'kutsuka ndi madzi. Malowo anayera mbee. Koma mwendo wa chilembo panalibe. Pamene panadutsa msomali wa agogo panatsala mchenga wokhawokha, ukugumuka tikaukhudza ndi chala.

Amalume sanakalipe. Anagwada, anayendetsa chala pamalopo, n'kudzuka kukakhala patali. Kukanakhala bwino akanatitukwana.

Mmisiri atafika mawa lake anaona yekha tisanamuuze. "Ana anga, thovu lija munaliona si litsiro limene linkapsa. Ndi simenti imene inkasungunuka." Mphunzitsi anawonjezera zimene ena tinaphunzira ku sukulu n'kuiwala. Simenti imapangidwa ndi mwala wa laimu, womwe uja amakumba ku Chilanga. Mabo nayo ndi mwala wa laimu umene unapsa ndi kupanikizika pansi pa nthaka. Lusaka yomwe inamangidwa pa mwala wa mtundu umenewu, uja amaswa amayi m'mbali mwa misewu. Asidi akagwera pa chilichonse cha banja limeneli amachidya. Choncho chikumbutso cha Ilaria ndi chiliza cha ambuya ndi pachibale ndithu, ndipo mdani wawo ndi mmodzi. Tsiku limenelo James Beck sitinamusekenso.

Zida zimene mmisiri anatulutsa zinatichititsa manyazi ndi kuchepa kwake: ndowa, bulashi yofewa yochapira zovala, miswachi yakale inayi, ndi timitengo ta nsungwi tosongola. Anati tinyowetse simenti, tidikire ndere zifewe, tikweche mopepuka kuyambira pansi kukwera m'mwamba, titsuke, tidikire paume, tibwerezenso. Bulichi anakana, anati amasiya mchere mkati umene umadzaphulitsa simenti pambuyo. M'mizere ya zilembo tinkalowamo ndi kansungwi, chilembo chimodzi mwina theka la ola. Ife amene timadandaula netiweki ikachedwa masekondi asanu tinakhala chogwada masiku atatu. Adzukulu a kumanda ankatiseka kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma zimene zinatuluka zinatilipira. Dzina linaoneka lonse, ndi ma N ake otembenuka. Tinaona pamene msomali unaterereka agogo n'kubwereza mzere. Tinaona kuti zilembo zoyamba ndi zazikulu, zomaliza zikucheperachepera chifukwa malo anawathera, monga timachitira ife polemba pa chikuto cha kope. Kumutu zidutswa za kapu zinatuluka zoyera, ndi timaluwa tabuluu. Mng'ono wawo wa ambuya, amene akali moyo ndipo anyakwawa anawalola kubwera tsiku lachitatu, anaizindikira kapuyo pomwepo. Anati inabwera kuchokera ku Halale itakulungidwa m'shati.

Simenti sinayere ngati yatsopano. Inatsala yotuwa, ya mawangamawanga, ndipo mmisiri anati pamenepo m'pomwe tiimire. Wina anafunsa za penti. Iye anati penti ya mafuta imatsekera chinyezi mkati, ikamasupuka imachoka ndi khungu la simenti, ndiponso ingadzaze mizere ya msomali imene tavutikira kutsegula.

Mng'alu waukulu unali ndi zoyambitsa ziwiri. Muzu wa kachere unalowa pansi n'kutukula mbali imodzi, ndipo waya amene agogo anaika mkati kuti alimbitse anachita dzimbiri. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa, ndiye chimang'amba simenti kuchokera mkati. Za muzu tinabwerera kwa anyakwawa. Anabwera okha kudzaona, n'kulola kuti udulidwe muzu umodzi wokhawo, ndipo adule adzukulu a kumanda, osati ife. Kenaka tinatukula mbali yopendekekayo ndi mitengo pang'onopang'ono, mmisiri akutsendera miyala ndi dothi pansi pake, mpaka inakhala bwino. Waya wadzimbiri amene ankaoneka anamuchotsa.

Posakaniza matope omatira mng'alu, mmisiri anachulutsa laimu ndi mchenga wa kudambo komwe kuja, simenti anaika pang'ono chabe. Tinadabwa chifukwa tinali titagula thumba lathunthu. Anati chigamba chikalimba kuposa nsalu, imang'ambika ndi nsalu. Chikamadzasweka, chisweke chake, cha agogo chitsale. Pomata ndi chipande anasiya chigambacho cholowa mkati pang'ono, chooneka mtundu wina. "Wobwera pambuyo adziwe kuti apa ndi pa ine, apa ndi pa mwiniwake." Mphunzitsi anaseka n'kumuuza kuti akatswiri a maiko ambiri anakumana ku Venice mu 1964 n'kulemba mfundo yomweyo, yakuti chowonjezera chizidziwika kuti n'chowonjezera, ndiponso kuti wokonza aziima pamene wayamba kungoganizira. Mmisiri anati ku Venice sanafikeko, koma anthuwo akuoneka kuti ntchito amaidziwa.

Mfundo yachiwiriyo tinakumana nayo madzulo a tsiku lomwelo. Mng'alu unadutsa pa chaka cha imfa. Manambala atatu anali bwinobwino, 197. Yachinayi inali itathyoka mbali ya kumanzere, chidutswa chake chinatayika kalekale. Chotsala chinali mimba ziwiri zoyang'ana kumanja. Tengani cholembera muyese: theka la kumanja la 3 ndi theka la kumanja la 8 n'chimodzimodzi.

Amalume anati ndi 1973. Akukumbuka kuti chinali chaka chimene Ian Smith anatseka malire a Rhodesia, chifukwa bambo awo ankadandaula kuti anzawo a ku Halale sadzawaonanso. Mng'ono wa ambuya anati ayi, ndi 1978, chaka chimene a Kaunda anatsegulanso njanji ya kumwera kuti feteleza alowe, chifukwa pamaliropo amuna ankakamba zimenezo. Zonse ziwiri zinachitikadi, china mu Januwale 1973, china mu Okutobala 1978. NRC ya amayi athu aang'ono imati anabadwa mu 1975, zimene zikanathetsa nkhani, koma eni akewo amaseka kuti chakacho anachita kupatsidwa ndi wolemba atangowayang'ana msinkhu.

Mmisiri anali atamata kale pothyokapo, matope akadali ofewa, msomali uli m'manja. "Ndilembe chiyani?"

Tinaimba vidiyo kuti a ku Lusaka ndi a kunja aone. Ena anati tivote. Wa ku Johannesburg anati tilembe 8, chifukwa anthu awiri, mayi wachikulire ndi NRC, akuposa mmodzi. Wina anati amalume ndiwo anatunga madzi a simentiyo, angaiwale bwanji. Tinkaona kuti chilichonse chimene tilembe chidzauma usiku womwewo, ndipo pakapita zaka 20 mwana wathu adzachiwerenga ngati choonadi, ngati dzanja la agogo. Mmodzi wa akuluakulu awiriwa tikanamuuza pamaso pa mudzi kuti kukumbuka kwake n'kwabodza, popanda umboni.

Anathetsa ndi mayi wachikulire uja. Anali atakhala pa chitsa, akumvetsera. "Adzukulu anga, siyani. Amene analemba anagona ku Vubwi. Inu musamulembere."

Mmisiri anasalaza matopewo n'kusiya theka la nambala mmene analipezera. Kenaka anatembenukira ku chilembo chimene tinadya ndi asidi. Chimenechi anachibwezera, chifukwa chithunzi cha Lolemba m'mawa chinalipo, chikuonetsa pamene mwendo unayambira ndi pamene unathera. Anamata kachigamba, anayang'ana foni, n'kulemba mzere umodzi ndi msomali. Mtundu wake ndi wosiyana, ndipo aliyense wa ife akafika pamenepo amadziwa chifukwa chake.

Ndalama zinatsala zambiri. Tinalipira mmisiri, tinathokoza adzukulu a kumanda ndi anyakwawa. Granite tinagulabe, koma kamwala kakang'ono kamene tinakaika pambali, osakhudza chiliza. Palembedwa dzina la ambuya, dzina la agogo ndi mawu akuti ndiwo anamanga, ndi chaka chimene ife tinakonza. Wa ku Johannesburg ndiye anasankha zilembo, ndipo ndi zagolide. Tinagulanso kope lachikuto cholimba limene tinasiya kwa amalume. Tinalembamo zimene tinachita, zimene tinasakaniza, pamene tinalakwitsa, ndi zaka ziwiri zija pamodzi ndi amene ananena chilichonse.

Sitikunena kuti granite ndi yoipa. Makolo athu akadzatisiya mwina tidzagula yomweyo, ndipo pali manda ambiri amene alibe chilichonse choti n'kusunga, amene mwala watsopano ungawapulumutse kuti asasowe. Koma tikuona mmene zikuyendera kwathu ku Eastern. Mwana akayamba kulandira bwino m'tauni amatumiza ndalama, anyamata amabwera ndi hamala, ndipo m'mawa umodzi chiliza chakale chimasanduka zigumu zotayidwa kuseri kwa mtengo. Ambiri amene anamanga ziliza zimenezo sanali amisiri olembedwa ganyu. Anali amuna ofedwa, ana, alongo, anthu amene mwina sanalembepo china chilichonse chimene chinatsala. Ngati pa gulu lanu la banja mwayamba kusonkha, musanatumize ya hamala imbirani wamkulu amene watsala mumufunse kuti anamanga ndani. Jambulani zithunzi musanakhudze. Ndipo botolo la m'chimbudzi lisiyeni m'chimbudzi.

Loweruka tinapita ku Mkaika maondo akupweteka. Tinaona mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique akulamba kwa Kalonga Gawa Undi, tinaona Gule Wamkulu akutimbula fumbi, tinadya nyama yootcha, tinajambulitsa. Pobwerera m'basi nkhani inali imodzi: ku Vubwi kuli mtumbira wa munthu amene anagulitsa njinga yake, ndipo palibe mwa ife akudziwa pamene uli. Ndalama zotsala tasungira ulendo umenewo. Amalume akuti kuli ana a mkazi wachiwiri amene angatilozere, ndipo mwina mmodzi wa iwo anamvapo bambo ake akutchula chaka.

Mu Disembala amalume anatumizanso chithunzi, cha foni yobwereka yomwe ija. Simenti yonyowa, masamba atagwerapo, timaluwa tabuluu tikuoneka kumutu. Analemba kuti: "Mvula yagwa katatu. Sipanasunthe."